Momwe mungalembere nkhani yachikondi yokhala ndi mzimu wa womwalira

Nkhani zambiri zamtunduwu zimene alembi ongoyamba kumene amanditumizira pa WhatsApp zimafera pamalo amodzimodzi. Tsamba loyamba mwamuna wafa pangozi, mkazi akudzigwetsa pansi. Tsamba lachitatu mzimu watulukira utavala zoyera, mawu ake ngati akuchokera mumtsuko. Tsamba lachisanu kwabwera mnyamata wagalimoto, ndipo tisanatembenuze pepala mayi uja wachira ngati wamwa mankhwala a mutu. Wowerenga amene anaikapo munthu wake m'manda amangoti "bodza ili", n'kutseka foni.

Chimawasokoneza n'chakuti amawerengera anthu awiri, chonsecho nkhaniyi ndi ya anthu atatu: wofedwa, wobwera ndi womwalira. Wachitatuyo sabwera kudzaopseza ayi. Ali ndi chake chimene akufuna, ndipo nkhani siingathe iye asanachipeze. Malangizo awa ndi a nkhani yaifupi, ya mawu pakati pa 2,500 ndi 4,000. Ndiyenda ndi chitsanzo chimodzi chongopeka: Nambewe wogulitsa tomato pa Mponela, amuna ake a Phiri omwe anali akabaza, ndi Lameki kalipentala.

## Zofunika musanayambe

- Kope ndi cholembera, kapena foni. Ngati ndi foni, muzidzitumizira zomwe mwalemba pa imelo tsiku lililonse. Foni imabedwa, imagwera m'madzi.
- Pepala limodzi lapadera lolembapo malamulo a mzimu. Lipachikeni pomwe mumalembera.
- Kalendala ya chaka chimodzi, yoonetsa miyezi ya dzinja, ya masika ndi ya chilimwe.
- Munthu wamkulu mmodzi wa dera lomwe nkhani ikuchitikira, woti mukamfunse za mwambo wa maliro. Musapite chimanjamanja, mtengereni shuga.
- Owerenga awiri: wina amene anafedwapo, wina wokonda nkhani zachikondi.
- Masabata atatu. Nkhaniyi siipsa tsiku limodzi.

## 1. Yambani mwampatsa moyo womwalirayo

Musanamuphe, lembani tsamba lathunthu la zomwe ankachita ali moyo. Tsambali sililowa lonse m'nkhani, ndi lanu. A Phiri ankadzuka 4 koloko m'bandakucha kukadikira anthu otsika basi. Ankadya nsima yotentha kwambiri moti Nambewe ankawaseka kuti zala zawo n'zachikopa. Ankabisa ndalama m'chubu chakale cha njinga, poganiza kuti mkazi sakudziwa. Anali ansanje, ndipo akakwiya ankakhala masiku awiri osayankhula.

Chenjezo: musampange mngelo. Pamaliro timayamikira aliyense, koma m'nkhani munthu wopanda chilema salirika. Wowerenga amalira munthu amene amamudziwa, wamkonono wake ndi ngongole zake. Lembani zolakwa zake ziwiri, ndipo chimodzi mwa izo chikhale chimene iye ndi mkazi wake anasiya osakambirana. Kwa ife, a Phiri anachoka m'mawa wa tsiku la ngozi atayambana ndi Nambewe pa nkhani ya fizi ya mwana wawo Tadala. Sanatsanzikane. Nkhani yonse yagona pamenepo.

## 2. Sankhani mtundu wa mzimu, kenako umangeni ndi malamulo

Chichewa chili ndi mawu osiyana pa chifukwa. Mzimu wa m'bale umabwera kumaloto, umakumbutsa, umachenjeza, nthawi zina umadandaula kuti waiwalidwa, ndipo akale ankauthira nsembe ya ufa kapena mowa patsinde pa mtengo. Chiwanda ndi mzukwa ndi zina: zosowa pokhala, zoopsa, zosautsa anthu usiku. Nkhani yachikondi imafuna mtundu woyambawo. Mukasakaniza, owerenga ayamba kuyembekezera sing'anga ndi nsupa, chikondi n'kukhala pambali.

Tengani pepala lija mulembe mayankho a mafunso anayi. Kodi mzimuwo umabwera nthawi yanji? Amauona kapena kuumva ndani? Sungathe kuchita chiyani? Nanga ukufuna chiyani? A Phiri amabwera m'bandakucha mokha. Amawamva ndi Nambewe yekha. Sangagwire chinthu, sangatuluke pabwalo la nyumba yawo, ndipo sayankhula kupatula kumaloto. Akufuna kutsanzika.

Funso lachitatulo ndiye lofunika koposa. Mzimu wotha chilichonse umapha nkhani, chifukwa wowerenga adzafunsa kuti bwanji sunangonena tsiku loyamba lomwe. Mukalemba lamulo, musaliphwanye pa tsamba 9 chifukwa choti mwapanikizika. Mungaliphwanye kamodzi kokha, kumapeto, ndipo pamenepo likhale ndi mtengo wake.

Chenjezo lina: yesetsani kuti imfayo isakhale ya ufiti. Mukangoti azakhali ndiwo anamulodza, nkhani yasanduka mlandu wofufuza mfiti. Kumbukiraninso kuti ku Malawi lamulo la 1911 limati kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu, komanso agogo ambiri amenyedwapo chifukwa cha mphekesera zoterezi. Musathire mafuta pamoto umenewo ndi cholembera chanu.

## 3. Pezani chinthu chimodzi chogwirika

Utsi, mphepo yozizira ndi nsalu zoyera taziona kokwanira. Mzimu wanu ulowe kudzera m'chinthu chimene womwalirayo ankagwira tsiku ndi tsiku. A Phiri akamafika pakhomo ankaliza belu la njinga kawiri, ngiri ngiri, kuti Nambewe atereke madzi osamba. Njingayo idapindika pangozi, tsopano yatsamira khoma m'chipinda, koma belu likulirabe m'bandakucha. Kawiri.

Chinthuchi chionekere katatu kapena kanayi m'nkhani yonse, ndipo ulendo uliwonse chitanthauze china. Koyamba Nambewe achita mantha n'kukagona kwa mnansi. Kachiwiri adzuka n'kutereka madzi, kenako akumbukira, akhala pansi pafupi ndi mbaula madzi akuwira mpaka kuphwa. Kachitatu akwiya nalo, alikulunga ndi chitenje kuti likhale chete. Mwaona kuti sitinalembepo mawu oti "chisoni" ngakhale kamodzi.

## 4. Ikani nkhani pa kalendala ya maliro

Apa ndi pomwe mlembi wa Chichewa ali ndi mwayi, koma ambiri amaudumpha. Mwambo wathu udayala kale msewu umene wofedwa amayendamo, ndipo msewuwo ndi mafupa a nkhani yanu. Pali masamba oikidwa pamsewu kudziwitsa odutsa kuti pano pagwa zovuta. Pali siwa, amayi m'nyumba pafupi ndi thupi, abambo panja pamoto usiku wonse, nyimbo zakwaya mpaka mawu kusasa. Pali adzukulu okumba manda, chipepeso cholembedwa m'kope n'kuwerengedwa pagulu, mawu a mfumu. Pakapita masiku ochepa pali kumeta. Kenako anthu amabalalika, ndipo wofedwa amatsala ndi mbale zobwereka zoti abweze.

Nkhani yanu iyambire pamenepo, pa mbale zobwerekazo, osati pa ngozi. Maliro enieniwo ali ndi anthu ambiri, phokoso, nsima ya m'migolo. Chisoni chimafika anthu atapita.

Kutsogolo kuli zipata ziwiri zimene nkhani ikulunjikako. China ndi bona, mwambo wokumbukira womwalira umene umachitika pakapita miyezi, kawirikawiri anthu atakolola kuti papezeke chimanga chofululira mowa. M'midzi ya Achewa kumabwera Gule Wamkulu, ndipo chikhulupiriro n'chakuti apa mzimu wakhazikika pakati pa makolo, suyendayendanso. Mabanja ambiri opemphera m'malo mwake amavundukula chiliza. Chipata chinacho ndi kusudzula, pamene akuchimuna amamasula wamasiye kuti ali ndi ufulu wokwatiwanso. Taonani mmene zikugwirizanirana ndi nkhani yathu: mzimu sunakhazikike, mkazi sanamasulidwe, ndipo pakati pa zipatazi mtima wake wayamba kugunda chifukwa cha munthu wina. Simufunikanso kupeka mkangano, ulipo kale.

Lembani pa kalendala: a Phiri amwalira mu Januwale, mvula ili pakati, adzukulu akulimbana ndi matope. Lameki aonekera mu Epulo. Bona lidzakhala mu Seputembala. Mukatero mudziwa kuti tomato akudula liti, Nambewe avala juzi liti, fumbi liyamba liti.

Chenjezo: mwambo umasiyana. Zochitika ku Dowa si zomwe zimachitika ku Nsanje kapena ku Mzimba, ndipo banja la chikamwini silifanana ndi la chitengwa pa nkhani ya amene atsale panyumba. Asilamu amaika maliro mwachangu, nthawi zambiri tsiku lomwelo kapena lotsatira. Apa ndi pomwe mukufunika munthu wamkulu uja. Za kudambwe zisiyeni, lembani zomwe aliyense amaona pabwalo.

Mungasankhenso imfa imene kalendala yake idasokonekera. Munthu wofera ku Johannesburg, thupi lake n'kutha masabata anzake akusonkha ndalama pa gulu la WhatsApp kuti libwere kumudzi. Kapena amene adakokoloka ndi matope a namondwe Freddy mu Malichi 2023, ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche kapena ku Phalombe, thupi osapezeka mpaka lero. Wamasiye wopanda manda oti akalirepo ali ndi nkhani yolemera kwambiri, koma ofedwawo alipo ndipo adzawerenga. Ngati simunakhalepo nawo pansi n'kumva okha akufotokoza, dikirani kaye.

## 5. Wobwerayo alowe mochedwa, ndiponso wapansi

Asabwere ndi galimoto, asabwere ndi maluwa. Abwere ndi chifukwa wamba, chochititsa manyazi pang'ono. Lameki ndi amene adakhoma bokosi la a Phiri, ndipo pa mtengo wake padatsala K15,000 imene achibale adalonjeza n'kuiwala. Wabwera kudzaitenga. Waima pakhomo, chipewa m'manja, waona mmene zinthu zilili, n'kunena kuti amangodutsa. Nambewe wadziwa kuti akunama. Sabata yotsatira amutumizira beseni la tomato ngati chiyambi cha malipiro, iye abweza beseni muli kampando ka Tadala.

Samalani ndi mmene akuitanirana. Miyezi yoyamba ndi "mayi a Tadala" ndi "bambo", ndipo onse akuti "inu". Tsiku limene mmodzi adzatchule dzina la mnzake, kapena "iwe" adzapulumuke pakamwa, wowerenga adzamva kuti nthaka yagwedezeka. Musawononge chida chimenechi pa tsamba lachiwiri.

Lameki akhalenso ndi bala lake, koma lisakhale lofanana ndendende ndi la Nambewe. Alembi ambiri amangomupanga nayenso wofedwa, ngati kuti anamfedwa awiri akakumana ndiye basi. Mwina iye watopa ndi kudyera imfa za anthu, ndipo akazi amamuthawa poti ndi wamabokosi. Chachikulu n'chakuti iye si mankhwala. Sangamuchize Nambewe. Chimene angathe n'kukhala pakhonde, osafunsa mafunso, pamene mnzakeyo akulira mwamuna wina.

## 6. Chisoni chiyende mokhotakhota

Mwina mudamvapo za magawo asanu a chisoni: kukana, mkwiyo, kunyengerera, kukhumudwa ndi kuvomereza. Adawafotokoza ndi dokotala wa zamaganizo Elisabeth Kübler-Ross mu 1969, ndipo iye ankanena za odwala amene auzidwa kuti afa, osati ofedwa. Alembi ena amawatenga ngati makwerero, ndime iliyonse sitepe imodzi. Munthu salira motero. Nambewe aseke kumsika Lachiwiri, Lachitatu agwe pansi chifukwa wapeza ndalama zija m'chubu, zitakulungidwa m'pepala lolembedwa kuti "fizi". Tsiku limene wasangalala ndi Lameki likhale lomwelo limene adzimve ngati wakuba.

Musaiwale anthu ozungulira. Apongozi nawonso afedwa, mwana wawo ndi amene wapita, ndipo kuona mpongozi akumwetulira kumawalasa. Alamu akufuna njinga ija. Kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu pansi pa lamulo la 2011 loona za chuma cha womwalira, koma Nambewe si loya, ndipo kukangana ndi akuchimuna asanamusudzule n'kudziwotcha. Amayi a kumpingo amabwera kudzapemphera, maso ali pa nsapato zachimuna zomwe zili pakhonde. Zonsezi zimam'bweza m'mbuyo nthawi iliyonse akasuntha phazi.

## 7. Akumanitseni atatuwa

Iyi ndi ndime imene nkhani yonse yakhala ikulowera. Ilembeni mofatsa, mawu ochepa. Nachi chitsanzo:

Lameki adagwada pafupi ndi njinga, nayendetsa chala pa foloko yopindika.

"Imeneyi ikhoza kuwongoka, mayi a Tadala. Belu lokha ndiye lidafa, kasipuling'i kadaduka."

"Limalira," adatero Nambewe.

Lameki adakankha kachitsulo ka belu ndi chala chachikulu. Zii. Adakankhanso. Adamuyang'ana Nambewe, kenako adayang'ana pansi.

"Limalira nthawi yanji?"

"4 koloko."

"Ndiye ndisalichotse," adatero, nabweza sipanala m'thumba.

Lameki sanamve belu, ndipo sadzalimva, malamulo athu akutero. Sanamutsutse, sanamuuze kuti apite kwa abusa. Wangosiyira mwamuna mnzake malo. Chikondi chimene owerenga adzakhulupirire chili mu sipanala wobwerera m'thumbayo.

Pambuyo pake mzimu upeze mpata wonena chimene udadzera. Kumaloto, a Phiri ali pakhomo ndi njinga, ndipo Nambewe ayamba ndi kuwakalipira za fizi, za kuchoka osatsanzika. Chenjezo lalikulu: mzimu usalalikire. Ukangoyamba kuti "mkazi wanga, moyo ndi wotere, kwatiwa ndi Lameki", mwataya zonse. Munthu wansanje uja sangasinthe chifukwa wafa. Anene zazing'ono, zonga iye: "Ndalama zija wazipeza?" Mayi ayankhe kuti adazidziwa kalekale. Aseke onse awiri. Kenako iye anene mawu amene sananene m'mawa uja: "Ndapita."

## 8. Malizani ndi kumasulana, osati ukwati

Simukakamizidwa kufika pa chinkhoswe. Nkhani yathu itha m'mawa wotsatira bona. Nambewe wadzuka 4 koloko monga mwa chizolowezi, wadikira, belu silinalire. Lembani zimene akuchita ndi manja ake pa mphindi imeneyo. Kupepukidwa ndi kupweteka zikhale pamodzi, chifukwa amene wamasulidwa watayanso kachiwiri. Lameki angoonekera chapatali, kapena tingomva kuti lero ndi tsiku lomwe adati abweretsa njinga yowongoledwa.

Siyaninso kampata koti wowerenga asankhe yekha ngati belu linkaliradi kapena linkalira mumtima mwa Nambewe. Wopemphera, wamwambo ndi wokayika onse awerenge mpaka kumapeto osamva kuti mukuwanyoza.

## 9. Igoneni, iwerengeni mokweza, iduleni

Ikani nkhaniyo pambali masiku asanu. Kenako iwerengeni mokweza muli nokha. Pamene lilime lapunthwa, chiganizocho mudachiganiza m'Chingerezi, chilembeninso mmene agogo anu akadanenera. Fufuzani mawu oti "misozi", "mtima" ndi "chisoni", muwerenge kuti alipo kangati, mudule theka. Mukatero apatseni owerenga awiri aja. Wofedwayo mumufunse funso limodzi lokha: ndi pati pomwe ndanama? Winayo mumufunse kuti ndi pati pomwe anayamba kufuna kuti awiriwa akhale limodzi. Akati palibe, bwererani ku sitepe 5.

## Zolakwika zomwe zimabwerabwera

Chofala kwambiri ndi kusandutsa mzimu chigawenga: ukuswa mbale, ukukanyanga Lameki pakhosi, mpaka abusa adzauthamangitse. Nkhani yotere ndi yoopsa, ndipo ili ndi malo ake, koma wowerenga sangalire nayo. Amangodikira kuti chilombocho chichoke liti.

China ndi kuthamanga. Mwamuna waikidwa Loweruka, Lachinayi mkazi akugwirana manja ndi wina kumsika. Ngakhale owerenga a m'tauni amene samatsata za kumeta adzamuda mayiyo, ndipo mlembi simungawabwezenso.

Ena amalowetsa mwambo wa kulowa kufa kapena chokolo ngati zokometsera, mlamu n'kukhala wachikondi watsopano mokakamiza kenako mkazi n'kuyamba kumukonda. Miyambo yokakamiza wamasiye kugonana idavulaza amayi ambiri ndi kufalitsa kachilombo ka HIV, ndipo lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa miyambo yovulaza. Mukailemba, ilembeni monga chimene Nambewe akulimbana nacho.

Palinso kuiwala mwana. Tadala watchulidwa pa tsamba loyamba atanyamula chithunzi cha bambo ake pamaliro, kenako wasowa mpaka nkhani kutha. Mwana amafunsa mafunso amene akulu amaopa. Mloleni afunse Lameki, pakati pa chakudya, ngati bokosi la adadi linali lofewa m'kati.

Kwa amene mumatulutsa nkhani m'zigawo pa Facebook: musaike gawo loyamba musanalembe lomaliza. Owerenga adzayamba kukuuzani kuti Lameki ndi mfiti, kuti a Phiri sanafe ali ku Mozambique, ndipo pofika gawo 6 mudzakhala mukulemba nkhani yawo, malamulo a mzimu aja atagwa pakhoma.

Chomaliza ndi kutenga maliro enieni a pamudzi panu n'kungosintha dzina limodzi. Mnzanga wina adachita zimenezi ndi imfa ya msuweni wake, nasiya mtundu wa njinga, dzina la msika ndi nyimbo yomwe kwaya idaimba kumanda. Wamasiyeyo adaiwerenga pafoni ya mwana wake. Papita zaka zitatu, ndipo akakumana pachigayo mayiyo amayang'ana kumbali.